Mpando wa Sewwandi

Mutu 6

1. Kope la ulendo

Mayeso akatha, ana a sukulu a mumzinda wa Kandy amapenga aliyense mwa njira yake. Ena amagona masiku atatu osadzuka, ena amapaka tsitsi mtundu umene aphunzitsi ankaletsa. Hansini misala yake inamugwirira pa kope. Anagula latsopano, nalemba pachikuto ndi zilembo zikuluzikulu kuti ULENDO WA KUNYANJA.

M'kopemo munalibe chosowa. Tsiku loyamba, kutsika mapiri ndi kufika kugombe la kum'mwera dzuwa likadalipo. Masiku atatu otsatira, kukwera mafunde ndi matabwa. Kenako kukaona linga lakale la ku Galle ndi nsanja ya nyali yowongolera zombo, ndipo mawa lake akamba a m'nyanja. Analemba ngakhale malo oima kuti amwe madzi a kokonati. Mtsikana amene anali asanaviikepo phazi m'madzi amchere anali atayiika nyanja yonse m'mizere yojambula ndi rula.

Koma ulendowo sunali wake. Mwini wake anali Oshadi, mwana wa bambo wogulitsa miyala yamtengo wapatali, amene zaka zinayi zonse za kusukulu sanamupatseko Hansini moni woposa mawu awiri. Oshadi anali ndi galimoto ya bambo ake, mchimwene wake Kaveen woti ayendetse, ndi matabwa atatu atsopano. Chimene analibe ndi kogona, chifukwa makolo ake anakana zoti ana akakhale kuhotela. Anati akagone panyumba ya anthu odziwana nawo, apo ayi ulendo ufe.

Nyumba yoteroyo inali ya agogo ake a Sewwandi. Sewwandi anali mwana wa kugombe, wa m'mudzi wa asodzi wa Dorawella, ndipo ankakhala kwa makolo a Hansini kuti aziphunzira mumzinda. Kwa zaka zitatu atsikana awiriwa ankagona chipinda chimodzi ndi kupesera chipeso chimodzi. Masamu amene Hansini analemba bwino pamayeso anali a Sewwandi, ophunzitsidwa moleza mtima pa mphasa ya m'chipindamo.

Tsono agogowo, a Jinadasa, ankabwera ku Kandy kudzachotsa ng'ala m'maso, ndipo nyumba yawo inali yoti ikhala yopanda munthu milungu iwiri. Hansini ndi amene anakanong'oneza Oshadi zimenezi. Kuyambira tsiku lomwelo anasanduka "mnzanga Hansi", ndipo dzinalo linamukomera kuposa uchi.

2. Zimene agogo ananena

A Jinadasa anafika Lachiwiri ndi thumba la nsomba zouma la mphatso. Atadya mpunga wa masana anakhala pakhonde, ndipo Hansini anawawerengera kope lake lonse monyadira. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, maso awo otuwawo atalunjika pakhoma.

"Kope lako lili bwino, mwanawe," anatero. "Walemba zonse, wangosiya nyanja yeniyeniyo. Khala pansi."

Hansini anakhala pafupi ndi Sewwandi.

"Mphepo inatembenuka milungu iwiri yapitayo. Kwathu ino ndi nyengo ya warakani, pamene ngalawa timazikokera kumtunda n'kuzifunditsa masamba a kokonati. Okwera mafunde odziwa zinthu anasamuka kale, ali kugombe la kum'mawa. Sindikukuletsani kupita ayi. Mwalemba mayeso, kapumeni. Koma zimene ndinene pano muziike mumtima.

"Mukaima pakhomo panga n'kuyang'ana kunyanja, kumanzere kuli dziwe lotchingidwa ndi miyala. M'mawa madzi akaphwera, timafunde ta pamenepo n'tokwanira munthu wophunzira. Kumanja kuli mizati yathu yowedzerapo, yozikidwa m'miyala. Kuseri kwa mzati wachitatu madzi ndi osalala ngati mbale, funde silisweka n'komwe. Mlendo aliyense amasankha pamenepo, amati pali bata. Ife timapatchula kuti pakhomo. Madzi onse amene mafunde aponya pamwamba pa miyala amatulukira pamenepo pobwerera kwawo, ndipo chimene apeza amapita nacho.

"Kale zinali zosavuta. Ukaona mizati ilibe munthu, unkadziwa kuti lero nyanja sikufuna alendo. Masiku ano anyamata amakhala pamizatipo chaka chonse, atamanga nsalu kumutu ngati ife, ndodo ili m'manja, ulusi wake wopanda mbedza. Amadikira alendo owajambula kuti awapatse ndalama. Sindikuwanena, nawonso ali ndi mimba. Koma munthu amene angaweruze nyanja poyang'ana iwowo, ameneyo wapita."

Anafufuza phewa la Sewwandi ndi dzanja.

"Bambo wake wa uyu analowa pakhomopo kukatenga mlendo amene anaona anyamata ali pamizati. Mlendoyo anatuluka wamoyo. Mpaka lero amatitumizira khadi chaka ndi chaka, pano ali ndi ana awiri. Mwana wanga tinakamupeza tsiku lachinayi, mudzi wachitatu kuchokera kwathu."

Kenako anavula chingwe chimene chinali m'khosi mwawo. Panali kiyi mmodzi wakuda ndi mchere, ndipo anamuika m'dzanja la mdzukulu wawo.

"Mchenga umasuntha tsiku ndi tsiku, ndiye mawu angawa sangakwane. Uyu anabadwira pamenepo, madzi amawawerenga. Kumene kukupita kiyiyu apitenso iyeyu, ndipo wina asaviike phazi iye asanayang'ane. Wamva, Hansini?"

"Ndamva, agogo."

Anamvadi. Koma m'kope sanalembemo, chifukwa tsamba linali litadzaza kale bwinobwino ndipo sanafune kuliipitsa.

3. Kunyumba ya pamwamba pa phiri

Lachitatu masana anakumana kwa Oshadi kuti amalize zokonzekera. Panali Kaveen, asuweni awiri a Oshadi amene ntchito yawo inali kuseka Oshadi akaseka, ndi matabwa atatu atatsamira kukhoma ngati alendo olemekezeka.

Sewwandi anakhala kunsonga kwa mpando. Atapatsidwa tiyi anati, "Agogo anandituma mawu. Akuti nyengo ino nyanja ya kwathu..."

"Dikira kaye," anatero Oshadi, akukwinya mphuno. "Kodi wina watsegula furiji? Mukumva kafungo kameneka?"

Asuweni anagwira pakamwa.

"Ndi nsomba zouma," anatero mmodzi.

"Ayi, musamunene mnzathu," Oshadi anayankha mwaulemu wonyenga. "Amasamba ndithu. Kungoti zina n'za m'magazi, sopo sazitha. Pitiriza, Mayi Nsomba, agogo akuti chiyani?"

Sewwandi anayang'ana Hansini. Hansini anali otanganidwa kwambiri ndi kope lake.

"Akuti mphepo yatembenuka, ndiye pali malo ena oopsa."

Kaveen anatulutsa foni. Anali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi chimodzi amene anaphunzira kukwera mafunde kwa masiku asanu chaka chatha, ndipo kuyambira pamenepo ankayankhula za nyanja ngati anaikumba yekha.

"Taona apa, mlongo. Chithunzi ichi chajambulidwa dzulo kwanu komweko. Asodzi anayi ali phee pamizati. Nyanja ikanakhala yolusa, akanakhala pamenepo?"

"Amenewo si asodzi, achimwene. Amango..."

"Si asodzi? Nanga ndi aphunzitsi a masamu?"

Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete. Oshadi anapukuta misozi ya kuseka.

"Koma agogo akowo akachira tidzawakweze pamzati, eti? Tiwamange kansalu kumutu, tiwajambule. Nkhalamba zimatuluka bwino pazithunzi, makamaka zopanda mano."

Apa Hansini naye anaseka. Sikunali kuseka kwakukulu, kanali kampweya chabe kotulukira m'mphuno, koma Sewwandi anakamva. Anaika kapu pansi, napempha kuti amulozere kubafa.

Chitseko chitangotsekeka, Oshadi anasendera pafupi ndi Hansini.

"Hansi, pali vuto la malo. Achimwene akuti matabwa sangakhale padenga, dzuwa liwononga utoto. Alowa m'kati, ndiye mpando wakumbuyo tiupinda. Azakhali anga otiperekeza akhala kutsogolo. Munthu mmodzi atsala."

"Tikhoza kupanikizana," anatero Hansini.

"Maola sikisi, mawindo otseka, ndi fungo limenelo? Komanso ukumuona mmene alili. Tikafika kumeneko adzakhala wapolisi: apa musalowe, apo musaponde, agogo akuti, agogo akuti. Ine ndikupita kukasangalala."

"Koma nyumbayo ndi yawo."

"Nyumba imatsegulidwa ndi kiyi, mnzanga. Kiyi sanunkha." Oshadi anamugwira dzanja, namwetulira. "Iweyo ndiwe wanzeru, upeza njira. Ukalephera palibe mlandu, mutsale nonse awiri, ife tikapempha nyumba kwina. Kungoti ndinali nditawauza kale amayi kuti mu Ogasiti tidzapita nawe kugombe la kum'mawa."

Pobwerera kunyumba m'basi, Sewwandi anayang'ana kunja njira yonse. Atatsala pang'ono kutsika anati, "Ine ulendowu sindikuufunanso. Ndikupitira iweyo basi. Sudziwa kusambira."

Hansini anali akupeza njira.

4. Kiyi

Njirayo inabwera yokha. Lachisanu, tsiku la ulendo, ndi limenenso agogo ankayenera kukaonekera kuchipatala, ndipo mzere wa odwala maso umayamba m'mawa kwambiri.

Lachinayi masana, akupinda zovala, Hansini anayankhula osadzutsa mutu.

"Oshadi akuti mawa usavutike kubwerera kuno. Uwaperekeze agogo pamodzi ndi amayi, ife tidzakutengera pageti la chipatala seveni koloko. Msewu wake ndi womwewo."

"Wanena yekha zimenezo?"

"Yekha. Akuti dzulo ankangocheza, usazitengere kumtima."

Nkhope ya Sewwandi inamasuka. Anthu abwino ali ndi vuto limeneli, amakhulupirira msanga chimene akhala akuchifuna.

"Kiyi uja bwera naye ndimuike m'chikwama changa," Hansini anapitiriza. "Kuchipatala kumadzaza, angaduke m'khosi osazindikira."

Sewwandi anavula chingwe chija n'kumuveka yekha mnzakeyo m'khosi. Anachilowetsa m'kati mwa bulauzi kuti chisaoneke, namusisita paphewa.

Amayi ake a Hansini anali pamakina osokera m'chipinda chinacho, chitseko chili chotsegula. Sewwandi atapita kukatenga madzi a agogo, makina anaima.

"Hansini, tabwera."

Anapita, naima patali pang'ono.

"Sindikudziwa chimene ukukonza, ndipo sindikufunsa, chifukwa undinamiza ndipo tidana. Koma sabata ino ukuyankhula ndi mawu amene si ako. Ine ndasokera anthu a pamwamba pa phiri zaka makumi awiri. Akafuna diresi la ukwati Loweruka, ndimakhala mchemwali wawo, amandipatsa tiyi m'kapu yabwino. Lolemba tikakumana kumsika amayang'ana tomato. Sindidandaula, ndimadziwa chimene ndili kwa iwo. Iwe sukudziwa.

"Mwana uja wakhala m'nyumba muno zaka zitatu. Utadwala malungo a dengi, ine ndili ndi madiresi asanu oti ndimalize, ndani ankakupukuta thukuta? Ndani anaphonya sukulu sabata yathunthu? Agogo ake anamusiya m'manja mwathu, ndipo atipatsa nyumba yawo chifukwa akutiona ngati abale. Ukamuchita chipongwe, sudzamuchitira iye yekha. Udzachitira nkhalamba yosaona ija, ndi ine, ndi mpunga umene mwadyera mbale imodzi. Zina ukang'amba, mwana wanga, ngakhale ine wa makina sindingakusokere."

"Palibe chimene ndikukonza, amayi."

"Chabwino," anatero amayi ake. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako makina anayambanso kulira.

5. Pageti la chipatala

Lachisanu kunacha bwino. Amayi, agogo ndi Sewwandi anatsogola pa tukutuku, kagalimoto ka matayala atatu, Sewwandi atanyamula kachikwama kake ka buluu. Asananyamuke, Hansini anagwada n'kugwira mapazi a amayi ake ndi a agogo, monga amachitira mwana aliyense wopita paulendo. A Jinadasa anamuika dzanja pamutu namudalitsa. Kiyi anali akuzizira pachifuwa pake.

Galimoto inafika nyimbo zikugunda. Azakhali a Oshadi, amene ankapita kukayang'anira ana, anali atagona kale pampando wakutsogolo. Hansini anakhala kuwindo, ndipo kumbuyo kwake, pamene panayenera kukhala Sewwandi, panagona matabwa atatu okutidwa bwino ndi bulangeti.

"Kiyi?" anafunsa Oshadi.

Hansini anakoka chingwe n'kumuonetsa.

"Ndinakuuzani, Hansi ndi katswiri. Wamusiya kuti?"

"Pageti la chipatala. Achimwene, tidzere msewu wa kumtunda, chonde."

"Wa kumtunda n'kozungulira," anatero Oshadi. "Komanso n'kupanda ulemu kuchoka osatsanzika. Achimwene, dzerani kuchipatala, ndipo mukafika muyende pang'onopang'ono."

Anawaonera patali. Sewwandi anaima m'mphepete mwa msewu, chikwama chili paphewa, m'manja muli mapaketi a mpunga wa kokonati amene anadzuka m'mamawa kuphikira onse a m'galimoto. Pambali pake panali agogo. Anali atachoka pamzere, amayi a Hansini atatsala kuwasungira malo, kuti adzamange ana ulusi woyera wodalitsidwa kukachisi. Timaulusito tinali tikulendewera m'dzanja lawo, tisanu ndi tiwiri.

Kaveen anachepetsa liwiro. Sewwandi anamwetulira, natsika pamsewu. Anauza agogo kanthu kena, ndipo nkhalambayo inakweza dzanja la maulusi lija kulozera kumene kunkamveka injini.

Oshadi anatsitsa windo, foni ili m'mwamba ikujambula.

"Mayi Nsomba, malo atha! Tikupatsirani moni kwa abale anu a m'madzi!"

Kaveen anaponda mafuta. Asuweni anagwerana ndi kuseka.

Hansini anafuna kuwerama, koma anachedwa. Maso a Sewwandi anamupeza pagalasi, ndipo sanali odabwa nthawi yaitali. Anayang'ana nkhope yake, kenako chingwe chimene chinali poyera pakhosi pake. Sanathamangire galimoto, sanakuwe. Anangoima ndi mapaketi ake a mpunga.

Agogo ndi amene sanadziwe kanthu. Galimoto ikukhota pakona, anali akumwetulirabe, dzanja lili m'mwamba, kudikira kuti ana atsike.

6. Uthenga

Anatsika mapiri akuimba. Oshadi anaonetsa kanema uja katatu, ndipo ulendo wachitatu anauimitsa pankhope ya agogo kuti onse aone bwino. Hansini anatsegula kope lake, koma zilembo zinkangoyandama. Anachita manyazi amene anali asanawamvepo chibadwire, ndipo manyaziwo sanamubweze.

Atadutsa Kegalle foni yake inanjenjemera. Unali uthenga wa Sewwandi. Hansini anayembekezera kutukwanidwa, ndipo mwina kukanamupepuza. Koma munali mawu awa okha:

"Asalowe kumanja, kuseri kwa mzati wachitatu, ngakhale paoneke bata. Uwauze onse. Iweyo usalowe n'komwe."

Anawerenga kawiri. M'galimoto monsemo, amene anamva chenjezo la agogo mpaka kumapeto anali iye yekha. Anatsegula pakamwa.

"Ndani ameneyo?" anafunsa Oshadi, akusuzumira. "Mayi Nsomba ayamba kulira? Tawerenga mokweza timve. Kapena nawenso wayamba za agogo akuti?"

Asuweni anatembenuka, mano ali kale pamtunda, kudikira woti amuseke. Hansini anaona mmene nkhope zawo zinalili. Zinali zomwe zija za Lachitatu, kungoti tsopano zinaloza kwa iye.

"Ndi amayi," anatero. "Akufunsa ngati ndatenga ambulera."

Anafufuta uthengawo, nazimitsa foni.

Kaveen anayang'ana pagalasi la kutsogolo, akugwedeza mutu motsatira nyimbo.

"Tamverani, asikana. Tikafika sitimasula n'komwe katundu, tilowa m'madzi dzuwa likadalipo. Malo ndawasankha kale pachithunzi chija. Kuseri kwa mizati kuli posalala bwino, popanda funde, poyenera ophunzira." Anamwetulira pagalasipo. "Ndipo woyamba kukwera thabwa akhale amene watipezera nyumba."

Onse anawomba m'manja, mpaka azakhali anadzidzimuka n'kufunsa ngati afika.

Hansini anagwira kiyi pachifuwa pake. Chikwangwani cha m'mbali mwa msewu chinati kunyanja kwatsala maola anayi.